Chitsulo cha m'Chipinda cha Fizikisi

Ku Sevlievo, tauni ya ku Bulgaria, aliyense amene anadutsa m'manja mwa aphunzitsi a Tonchev amachidziwa chitsulo chija. Chinali chobulungira ngati dzungu, cholemera kuposa mwana woyamwa, ndipo chinkalendewera pa chingwe kuchokera kudenga la chipinda cha fizikisi. Chaka chilichonse a Tonchev ankatsamira khoma, n'kuchikoka mpaka chikhudze nsonga ya mphuno yawo, kenako n'kuchisiya. Chinkapita tsidya lina la chipinda n'kubwerera chili paliwiro, ana akubisa nkhope, koma chinkaima pang'onong'ono chisanafike pamphuno. Mkuluyo osaphethira n'komwe.

"Chimene wachisiya sichibwerera kupitirira pamene unachisiyira," ankatero. "Bola usachikankhe."

Ralitsa, mwana wawo mmodzi yekhayo, anaimapo pakhoma limenelo mano a mkaka asanaguluke. Anakula ndi fizikisi monga ana ena amakulira ndi tchalitchi. Ku yunivesite ku Sofia anasankha yomweyo, ndipo atapeza mwayi wokaphunzira miyezi ingapo ku Holland, bambo ake anathira madzi pakhomo kuti ulendo uyende ngati madzi. Anathira ochuluka mpaka kumunyowetsa nsapato.

Miyezi ingapoyo inabereka chaka ndi miyezi ina. Atafika kumeneko anapeza kalasi limene ankafuna litadzaza, ndiye anangomuponya m'kalasi la sayansi ya makompyuta kuti asakhale manja lende. Tisanamizane, sikuti mtsikanayo anagwa nazo m'chikondi ayi. Anangoona kuti akalemba pulogalamu n'kulakwitsa, nkhope ya bambo ake sinkabwera m'maso mwake. Ankakonza cholakwikacho n'kukagona tulo. Teremu yotsatira anasamukiratu. Akaimba foni kunyumba ankati maphunziro akuyenda bwino, ndipo kumeneko sikunali kunama.

Tsopano anali atabwera chifukwa bambo ake ankapuma pantchito, ndipo tsikulo linali la phunziro lawo lotsiriza. M'mawa ankayenda limodzi kupita kusukulu akudya banitsa, mkate wa tchizi wa kwawoko, wotentha m'mapepala, a Tonchev akupereka moni kwa aliyense ngati akufuna mavoti.

"Ukudya ngati mbalame. A ku Holland aja anakulanda m'mimba?" anamufunsa. "Tamvera tsono. Lero pakhoma uimapo ndiwe. Manja angawa ayamba kuvina okha popanda nyimbo. Komanso ndikufuna ahedi akuone. Akuti chipinda chija chikasowa mwini adzazamo makompyuta. Ndinawauza kuti mwini wake alipo, akungomaliza sukulu. Andilonjeza kuti adikira chaka chimodzi."

Ralitsa anatafuna n'kumeza. Banitsayo sankamumva kukoma, koma sikuti anali woipa.

M'chipindamo munkanunkha choko ndi mafuta a makina monga kale. Ana anali asanalowe. A Tonchev anakwera pamakwerero kukaona ngati mfundo ya chingwe inali yolimba, iye atawagwirira pansi. Poti nkhope zinali zisakuonana, anaona kuti nthawi yake ndi yomweyo.

"Ababa, fizikisi ndinasiya."

Makwerero sanagwedezeke.

"Tandipatsira sipanala iyo," anatero a Tonchev. Anawapatsira. Mkuluyo anamanga pamene panali pomangika kale. "Liti?"

"Chaka chatha."

"Ndiye ukuphunzira chiyani, kulima maluwa?"

"Makompyuta."

Mkuluyo anaseka kamodzi, kaphokoso kouma. "Basi iwe ndi ahedi mwagwirizana musanakumane. Anakulepheretsa mayeso?"

"Ayi. Ndinkakhoza."

"Nanga?"

"Ndinangotopa, ababa. Sindibweranso kudzaphunzitsa kuno."

Ralitsa anadikira kuti mtima uwawe, monga munthu amadikirira ululu akapunthwa chala pamwala. Nkhani imeneyi anaisenza nthawi yaitali, ankailota, ankaiyeserera pagalasi, ndipo ankaganiza kuti tsiku loitula adzalira. Koma sanamve kanthu. Anangoona kuti chidendene cha sokosi ya bambo ake chinali chobooka.

Belu linalira. Ana analowa ndi maluwa, aliyense ake, n'kuwaunjika patebulo mpaka kukwirira choko. Ahedi analowa pomaliza n'kuima pakhomo, manja kumbuyo.

"Aphunzitsi, mphuno ikaphwanyika lero tiweruka msanga?" anafunsa mtsikana wina wa kumbuyo.

"Iwe Yoana, mphuno iyi inawaona mayi ako akulephera mayeso pampando womwewo. Siiopa kanthu."

Kalasi lonse linafa nacho chiseko.

"Koma paja munati aimapo ndi mwana wanu wa ku Holland," Yoana sanagonje.

"Ameneyu ndi mlendo," anayankha a Tonchev osamuyang'ana Ralitsa. "Mlendo sitimuimika pakhoma."

Ralitsa anakhala pampando wa pafupi ndi zenera. Mawuwo anawamva bwinobwino, anadziwanso kuti anali oti amubaye, koma anangodutsa.

A Tonchev anavula magalasi, natsamira khoma, nakokera chitsulo pamphuno. Ananena mawu awo a chaka ndi chaka aja, ena mwa ana akuwanenera limodzi. Manja ankanjenjemera. Ndipo pamene ankachisiya, Ralitsa anaona zala zija zikutambasuka ndi kuchiperekeza. Kanali kakang'ono, koti wina aliyense m'chipindamo sakanakaona. Ngati kunali kunjenjemera kapena mkwiyo, mwini wake yekha ndiye akudziwa.

Ralitsa sanaganize. Miyendo inanyamuka yokha chitsulo chikanali tsidya lija. Anawagwira bambo ake kolala ya jekete n'kuwakokera pambali mwamphamvu moti batani linathothoka. Chitsulo chinafika, chinadutsa pamene panali mphuno, chinalowa pamene panali mano, chinaima kaye pamenepo, kenako chinabwerera.

Ana anaomba m'manja, ena akumenya madesiki. Ankayesa kuti bambo ndi mwana anachita kupangana kuti awaseketse tsiku lotsiriza. Ahedi nawo anaomba.

"Mwaonatu," anatero a Tonchev atapezako mpweya, akukonza jekete. "Fizikisi siinama. Wonama ndi munthu. Pitani mukasewere."

Chipinda chitatsala cha awiri, chitsulo chinali chikuyendabe pang'onopang'ono. Mkuluyo anatola batani lake pansi n'kuliika m'thumba.

"Unadziwa bwanji?"

"Munakankha."

"Pang'ono pokha."

"N'pokwanira."

A Tonchev anavala magalasi n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba chitsikireni pamakwerero paja. M'maso mwawo munali chiyembekezo, ndipo chinali chomvetsa chisoni kuchiona pankhope ya munthu wamkulu chotero.

"Palibe mwana ndinaphunzitsapo amene akanaona zimenezija. Ndiye kuti fizikisi ikadali mwa iwe, mwanawe. Chaka chimodzi si kanthu, ukhoza..."

"Kuidziwa ndikuidziwa, ababa. Kuifuna ndiye ayi."

A Tonchev anagwedeza mutu monga ankachitira wophunzira akapereka yankho lolondola limene iwo sanalikonde. Anaimitsa chitsulo ndi dzanja, anakokera makwerero pakati pa chipinda, nakwera ndi sipanala ija.

"Gwira chitsulocho pansipo, chingaswe simenti."

Ralitsa anachikumbatira. Pamwamba panamveka kulira kwa nati imene sinamasulidwepo chimangireni, kenako chingwe chinagwa pamapewa pake ndipo kulemera konse kunatsikira m'manja mwake. Chinali chozizira, cholemera kuposa mmene ankaganizira. Zaka zonsezi anali asanachinyamulepo, denga ndi limene linkanyamula.

"Tikachiika kuti?" anafunsa.

"Ukufunsa ine? Chipinda si changanso."

A Tonchev anatsika, anasonkhanitsa maluwa awo patebulo, natuluka kukatsanzikana ndi aphunzitsi anzawo. Ralitsa anatsala ataima pakati pa madesiki, chitsulo chili pamimba, akuyang'ana poti achitule. Patapita kanthawi manja anayamba kuwawa. Ndi okhawo amene ankawawa.