Mbalame za Pakhoma la ku Ockenby

Nyumba ya Ockenby inali ndi zipinda makumi atatu ndi machumuni khumi ndi anayi, koma pansi ponse panalibe chimbudzi. Amene anaimanga zaka mazana anayi zapitazo sanaganizeko zimenezo, ndipo obwera pambuyo pawo anaika zimbudzi zonse m'mwamba, kofika munthu atakwera masitepe ataliatali a thundu. Mayi Rosalind Threlfall anakhala m'nyumbamo zaka makumi anayi osadandaula, mpaka amuna awo, a Aubrey, anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Bedi lawo linatsitsidwira m'chipinda cha mabuku, ndipo m'mawa uliwonse mayiwo ankakwera masitepe aja atanyamula chidebe, akulankhula okha.

Moyandikana ndi chipinda cha mabukucho munali kachipinda kosungiramo majombo ndi maambulera othyoka. Mayi Threlfall ankangofuna kuikamo chimbudzi, basi. Koma nyumbayo inali m'kaundula wa boma wa nyumba zakale, moti ngakhale kuboola khoma kunkafuna chilolezo.

Bambo Gideon Pellow, oyang'anira nyumba zakale m'deralo, anabwera mu Novembala. Anali munthu waulemu mpaka wokwiyitsa. Anagogoda khoma ndi chala, khutu ali nalo pomwepo ngati dokotala pachifuwa cha wodwala.

"Paipi idutsira pati, mayi?"

"Apa, pansi pa zenera."

"Aa, njerwa zimenezo ndi zoyambirira. Anaumba pamanja."

"Ndiye idutse pansi."

"Miyala yapansiyi anaiyala pamodzi ndi maziko, mayi."

"A Pellow, amuna anganso ndi akale. Iwo mulibe m'kaundula wanuyo?"

Bambowo anaseka mwaulemu n'kulemba kenakake m'kabuku.

Mapulani anabwezedwa katatu. Chilolezo chinatuluka mu Febuluwale, chili ndi malamulo masamba awiri: simenti ayi, agwiritse ntchito laimu, paipi itsate ngalande yakale, matabwa okutira khoma achotsedwe limodzilimodzi, lililonse lilembedwe nambala.

Mmisiri wa m'mudzimo, a Dunstan Crabb, anayamba ntchito Lolemba. Anachotsa thabwa loyamba, lachiwiri, lachitatu, kenako hamala inangoti zii.

"Mayi, tabwerani mudzaone. Koma simukondwa nazo."

Kuseri kwa matabwawo khoma linali lojambulidwa. Panali mbalame zofiira zitatera pa nthambi za mpesa, ndi mayi wovala diresi yobiriwira, galu woyera ali pamapazi pake. Utoto wake unkaoneka ngati apaka dzulo.

Mayi Threlfall anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Bwezeranipo matabwawo. Simunaone kanthu."

"Mayi, ine ntchito yanga yonse ndi ya nyumba zoterezi. A Pellow akangomva, ndathera pomwepo."

"Amva kwa ndani? Kwa mbalamezi?"

Kukhonde kunamveka ndodo, go, go, go. A Aubrey, amene ankakana ngakhale kudzitengera nyuzipepala patebulo, anali atayenda okha mpaka pakhomo.

"Mukunong'onezana chiyani muno?"

Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Rosalind! Agogo ankanena kuti m'nyumba muno muli chipinda chojambulidwa. Tonse tinkati ndi ukalamba!"

"Aubrey, pamenepo ndi pamene pakhale chimbudzi chanu."

"Chimbudzi? Mayi wapakhomayu akundiyang'ana? Mutu ukuyenda bwino koma?"

"Chidebe amanyamula ndani m'nyumba muno, inu kapena ine?"

A Aubrey anali atatulutsa kale foni m'thumba.

A Pellow, amene ankatenga milungu itatu kuti ayankhe kalata, anafika tiyi asanazizire. Anagwada pa miyala ija, misozi ikulengeza, n'kugwira chanza Mayi Threlfall kawiri, akuwathokoza chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Mayiwo anangoyang'ana kudenga.

Kenako kunabwera akatswiri ochokera ku London, atatenga timaburashi tating'ono ndi nyali zowala. Anakhala milungu isanu, akudya masikono onse a m'nyumbamo. Analetsa kukoleza moto m'chipinda cha mabuku poti kutentha kukanaononga utoto, choncho a Aubrey ankagona atavala chipewa chaubweya, akumwetulira. Majombo onse anawaunjika pakhomo lalikulu, ndipo Mayi Threlfall anapunthwapo kawiri.

"Nanga chimbudzi?" anafunsa tsiku lina atawagwira mkono a Pellow pakhonde.

"Ndaganizira kwambiri, mayi. Kanyumba kamatabwa panja, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Kasakhudze khoma, ndipo kakhale kotheka kuchotsa."

"Panja. Munthu wa ndodo. Mvula ya kunoyi."

"Tikhoza kulola kadenga kolumikiza, bola kasakhomedwe kunyumba."

Kanyumbako kanafika kumapeto kwa Epulo. A Aubrey anakagwiritsa ntchito milungu iwiri yokha, chifukwa pofika nthawiyo chiuno chinali chitapola ndipo masitepe ankakwera okha, akuimba mluzu.

Mbiri ya khomalo inafika patali. Lachitatu ndi Loweruka lililonse anthu anayamba kubwera pamabasi kudzaona mbalame zija. A Aubrey ankaima pakhomo la kachipindako atavala tayi, n'kumafotokoza za makolo awo, zina zoona, zina zongopeka pomwepo. Alendowo akatuluka, aliyense ankafunsa Mayi Threlfall funso limodzi, ndipo iwo ankaloza kanyumba kaja. Wokatsukamo madzulo analinso iwo omwe.

Loweruka lina mayi wina wa chipewa chachikasu anatuluka m'kanyumbamo akupukusa mutu.

"Pepani mayi, koma zandikhudza. Nyumba yokongola chonchi, n'kuikapo chisakasa chonyansa ngati ichi? Aboma amalola bwanji zoterezi?"

Mayi Threlfall anaika pansi burashi, kupukuta manja pa epuloni, n'kutulutsa cholembera.

"Dzina lawo ndi a Pellow. Nambala yawo ndi iyi. Muwaimbire lero lomwe, ndipo akapanda kuyankha muimbenso mawa."