Pipu Inabwera ndi Mipando

Amuna anga a Vitus agwira mfuti moyo wawo wonse, ndipo chimene chinawachotsa ntchito ku Nairobi si njovu kapena opha nyama mozemba ayi, koma ulemu. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ine sindiseka nawo.

Tinapita ku Kenya bungwe lina losamalira nyama zakutchire litawatenga ku Kasungu kuti aziphunzitsa alonda a nyama a m'midzi ya ku Kajiado. Tinkakhala ku Kitengela, kumene fumbi silisiya munthu, koma mwana wathu Watipa anali pasukulu yabwino imene bungwelo linkalipira. Mfuti za bungwelo zinali zija zakalekale za 303, zimene asilikali anazisiya, zolemera ngati musi. Chaka chilichonse mphunzitsi aliyense ankayesedwa kuwombera chandamale, ndipo wolephera sankamuwonjezera kontrakiti.

Kenaka maso awo anayamba kutopa. Pamfuti zimenezi munthu amayenera kuona zinthu zitatu nthawi imodzi: kampata ka chitsulo kamene kali chapakati, kansonga ka kumapeto kwa mpope, ndi chandamale kutali uko. Akavala magalasi owerengera, kampata kankaoneka bwino koma chandamale chinkasanduka chifunga. Akavula, chandamale chinkabwerera, kampata n'kusowa. Ankabwera kunyumba ali ndwii, ngakhale tiyi osamuyang'ana.

Mankhwala ake ankawadziwa. Pali kachitsulo kamene owombera amati pipu, kokhala ndi kabowo ngati ka batani la malaya, kamene amakamangirira kumbuyo kwa mfuti, pafupi ndi diso. Ukasuzumira pakabowopo chimbuuzi chimachepa, ndipo diso limangotsala ndi kansonga ndi chandamale basi. A Vitus ankati pipu imabwezera munthu wachikulire unyamata wake. Bwana wawo anavomera kuti akaipeza aiike, bola asaboole mfuti ya bungwe.

Kuipeza kwake ndiye kunali ntchito. Anayenda m'masitolo a mfuti a m'tauni mpaka nsapato kupendama, yankho lili limodzimodzi lakuti kulibe: "Hakuna, mzee." Ogulitsawo anali ndi magalasi oonera patali a mfuti zamakono, ndipo wina anawafunsa moseka ngati akufunanso matayala a ngolo. Pa intaneti inalipo, kwa amalonda a ku America, koma ameneyu akuti yatha, uyo akuti satumiza ku Africa. Pomaliza anapeza fundi wina wokalamba ku Syokimau, amene kale ankakonza mfuti, ndipo anati akhoza kusula pipu pamakina ake. Siikanakhala yokongola, koma ikanagwira ntchito.

Pamenepo ndi pomwe analowerera achimwene anga a Griffin. Iwo amagwira kubungwe lalikulu la mayiko, amakhala ku Runda kuseri kwa mageti awiri, ndipo nthawi imeneyo ankakonzeka kupita ku America kumsonkhano. Titatuluka m'tchalitchi Lamulungu lina, a Vitus anawatengera pambali n'kuwafotokozera, chipewa chili m'manja ngati akufunsira mbeta.

"Kanthu kakang'ono ngati kameneko, alamu?" anatero a Griffin. "Musadandaule, ingotengani ngati kafika kale."

Ine achimwene anga ndimawadziwa kuyambira tikudyera mbale imodzi. Sanayambe akanirapo munthu pamaso, komanso amaopa chithunzithunzi chawo chomwe. Ndinawauza a Vitus kuti fundi uja asamusiye, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iwo anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati zingakhale bwanji kuti alamu avutike kusenza chinthu kuchokera ku America, n'kudzapeza pamfuti pali kale cha jua kali, chosulidwa ndi fundi wa m'mbali mwa msewu? Kumeneko n'kuwanyoza. Tsiku lomwelo anamuimbira fundi kuti asavutike.

A Griffin anabwera. Watipa anamubweretsera chokoleti, ine pefyumu, a Vitus tayi. Za pipu anangoti zili m'njira, ndipo amuna anga anati zikomo kwambiri. Titafika kunyumba ndinawafunsa kuti njira yake iti, ya Namanga kapena ya Mombasa? Anati mlamu safunsidwa kawiri, akanena wanena. Ndinaimba ndekha ku Runda. Achimwene anandiyankha motsitsa mawu kuti nkhani za mfuti sitikambira pafoni, ndiponso ndisamalowerere za amuna.

Masabata ankapita. Lamulungu lililonse amuna awiriwo ankagwirana chanza panja pa tchalitchi, kufunsana za ana, za mvula ya kumudzi, za mpira, koma pipu osaitchula. Wina ankachita manyazi kufunsa, wina ankachita manyazi kunena, ine ndili pambali mtima ukuwira. Ndinawachonderera a Vitus kuti abwerere kwa fundi mwakachetechete, achimwene sakadziwa. Anati ngakhale alamu asadziwe, iwo eni adziwa, ndipo n'zokwanira. Mawa ifika, ankatero.

Tsiku la mayeso anapita ndi kampata kawo kakale komweko. Madzulo anatsika minibasi, zija kumeneko amati matatu, akuyenda ngati munthu wochokera kumanda. Sindinafunse, koma iwo ananena okha kuti zipolopolo zinamwazikana pachandamale ngati zitosi za mbuzi. Anyamata amene anawaphunzitsa okha, amenenso anayesedwa tsikulo, anakhoza onse, ndipo anaima kumbuyo kwawo akuyang'ana pansi. Bwana anapepesa kwambiri, koma lamulo linali lamulo. Watipa anayenera kusiya sukulu ija chaka chisanathe, ndipo analira mpaka kutupa maso.

A Griffin anatikonzera phwando lotsanzikana kunyumba kwawo, poti pa zimenezo ndiye ndi akatswiri. Amalawi a mu Nairobi anabwera ambiri. Akazi a achimwene, a Lily, ankaonetsa alendo mipando yatsopano yachikopa, imene inali itangofika kumene kuchokera ku America pa sitima ya pamadzi, kudzera ku Mombasa. Ine ndinakhala pampando umodzi wa imeneyo, ndipo ndivomere kuti inali yofewa.

Titadya, achimwene anaimirira n'kulankhula mawu okoma okhaokha, kuti a Vitus ndi munthu wodekha, wosadandaula, chitsanzo kwa tonse. Kenaka anatulutsa kaphukusi m'thumba la jekete.

"Alamu, ine ndikalonjeza ndimachita," anatero. "Ndinaigula sabata yomwe ija. Kungoti mukudziwa ntchito zathuzi, kachitsulo ka mfuti m'chikwama pabwalo la ndege, dzina likhoza kuipa. Ndiye ndinangoiponya m'kontena ya mipandoyi."

Ndiye kuti akadali ku America komweko ankadziwa kuti chinthucho chiyenda miyezi panyanja. Mawu amodzi okha, akuti "sindingathe," akanatibwezera kwa fundi wa ku Syokimau nthawi ikadalipo. Koma mawu amenewo ndi amwano, ndipo kwathu tinaleredwa bwino.

A Vitus analandira ndi manja awiri. Anamasula pepala pang'onopang'ono, n'kutulutsa kachitsulo kakuda, kosalala, kopangidwa mwaluso, koyenera mfuti ija ndendende. Anavula magalasi, anatsinzina diso limodzi, n'kukaika padiso linalo. Anayang'ana pakhoma, anayang'ana mipando, kenaka anaima pa nkhope ya achimwene anga kwa nthawi yaitali ndithu.

"Ndi yabwinodi," anatero. "Ndikukuonani bwinobwino, alamu."

Anthu anaseka n'kuwomba m'manja, a Griffin kuposa onse. Ine ndinati mwina lero alankhula, mwina lero munthu ameneyu anena zimene zamudya miyezi yonseyi. Ndinawadikira. Iwo anakulunganso kachitsuloko m'pepala lake, anakaika m'thumba la malaya, ndipo, chimene sindinawakhululukire mpaka lero, anawerama pang'ono n'kunena kuti zikomo kwambiri.