Maso a Mkwatibwi Pakhonde la Makasu

Ine ndi amuna anga takhala tikujambula maukwati kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezi takhala tikukangana pa nkhani imodzi. Iwo amakhulupirira fulashi, kanyali kothwanima ka pakamera. Amati dzuwa likakumba mithunzi m'maso mwa anthu, kuthwanima kamodzi kokha nkhope yayera. Ine ndimakonda rifulekita, chinsalu chozungulira chija chobweza kuwala kwa dzuwa, mbali ina chasiliva, mbali ina choyera. Iwo amachitcha lichero langa.

Loweruka lina tinafika kumunda wa maluwa nthawi itatidyera kale. Kutchalitchi tinachedwa kutuluka, dalaivala wa akwati anasochera, ndipo kuholo anthu anali atakhala kale. Azakhali a mkwatibwi, amene ankayendetsa zonse, anatipatsa mphindi makumi awiri basi. Dzuwa linali paliwombo.

Mkwatibwi anali wachialubino, mphunzitsi wa kusekondale, wolankhula mofatsa. Mkwati anali wamtali, wakuda bii, wosekaseka. M'tchalitchi tinkawajambula chapatali ndipo zinkayenda. Apa tinafunika nkhope zawo pafupi, tsaya kutsaya.

"Imani apa," anatero amuna anga akuloza pakati pa kapinga.

Thwani! Thwani! Amuna anga anayang'ana kumbuyo kwa kamera. Ndinasuzumira. Mkwati anatuluka bwino, koma nkhope ya mkwatibwi inali itasungunukira m'diresi, mbee, maso ali psuu. Anachepetsa kuwala. Mkwatibwi anabwerera, mkwati n'kusanduka suti yopanda munthu.

"Tapatukani, bambo," ndinatero, kumtima kuli kaphwando.

Ndinatambasula rifulekita, n'kuwakha dzuwa ndi mbali yasiliva, n'kuliponya pankhope zawo.

"Mayo!" Mkwatibwi anabisa nkhope m'maluwa ake. Atayichotsa, misozi inali itadula mizere iwiri m'phawuda.

Azakhali anandithamangira foni ili kukhutu. "Mukufuna mundiphere mwana maso pa tsiku lake? Ntchito imeneyi munaiphunzira kuti anthu inu?"

"Lichero lakolo," anandinong'oneza amuna anga.

"Nanga mphezi yanuyo yatithandiza chiyani?"

Operekeza akwati ankangopondaponda, zidendene za nsapato zikumira m'kapinga. Wina ankapukuta mkwatibwi kumaso, wina ankaliza hutala kugeti. Amuna anga ankasintha manambala pakamera, kubweza, kusinthanso. Ine thukuta linkatsika kumsana. Ndinayesa kuima kutali, kuwala kunafooka. Ndinasendera, mkwatibwi anatsinzinanso.

"Musavutike, mayi," anatero mkwatibwiyo. "Jambulani mmene zingathekere. Kuyambira kupulayimale, chithunzi chilichonse ndimatuluka nditatsinzina. Ndinazolowera."

Analankhula wopanda mkwiyo, ndipo n'chimene chinandilasa. Tinakumana naye kawiri ukwati usanafike. Tinamufunsa za nthawi, za mtundu wa madiresi, za chiwerengero cha abale. Za maso ake, ngakhale kamodzi.

Ndinapinda rifulekita. "Achemwali, tikhululukireni. Pamalo pano, maso anu angapume pati?"

Anatchinga dzuwa ndi dzanja, n'kuloza kumapeto kwa munda. Kunali kanyumba kosungiramo zida, kali ndi khonde lopapatiza ndi khoma lopaka laimu. Pakhondepo panali wilibala, makasu, ndi paipi yothirira.

"Ukwati kujambulira pamakasu?" anakuwa azakhali. "Anthu akaona adzati chiyani?"

Koma mkwati anali atanyamuka kale. Anakankha wilibala ali m'suti yakeyo, amuna anga anakumbatira makasu, ine ndinakoka paipi ikundidonthezera matope pansapato.

Atalowa mumthunzi, mkwatibwi anaphethira kangapo, mapewa n'kutsika. Kenako anatsegula maso onse. Anali otuwa mopita kobiriwira, akunjenjemera pang'ono. Tsiku lonse sindinawaone.

Koma mumthunzimo mkwati anazimiranso.

"Mayi, muwalitse mwamunayo yekha," anatero amuna anga. Mawu awo anali atasintha.

Ndinatuluka kudzuwa, n'kutembenuza mbali yoyera, kuwala kwake kofewa. Ndinamuimika mkwati chammbali kuti phewa lake litchinge mkazi wake. Mphepo inkapinda chinsalucho. Ndinachigwira ndi manja onse, bondo n'kuchirikiza pansi. Amuna anga anatembenuzira fulashi kumbuyo, kukhoma lalaimu, ataitsitsa mphamvu mpaka pomaliza, kuti ingodzaza pang'ono pansi pa zibwano.

Inathwanima. "Ikupweteka?" anafunsa amuna anga.

"Ayi. Pitirizani."

"Tsinzinani, mutsegule ndikafika patatu."

Tinatero kambirimbiri. Mphepo ikandilanda kuwala, tinkayambiranso. Mkwati anamunong'oneza china chake, mkwatibwi n'kuseka mpaka chophimba kumutu chinapendekera.

Pomaliza mkwatibwi anapempha kuona. Anagwira kamera ndi manja awiri, n'kuiyandikitsa mpaka kukhudza mphuno, mmene amawerengera makope a ana ake kusukulu.

"Tabweretsa kuno," anatero azakhali, foni ikulira m'dzanja lina. Anayang'ana, n'kuyang'ananso. Foni inalira mpaka inaleka yokha.

"Kayang'anidwe aka n'ka malemu mchimwene wanga," anatero motsitsa. Anasisita mphuno ndi mpango. "Inu, ndijambuleni naye mwanayu. Pompano."

Kenako mkwatibwi anaitana agogo ake, kenako alongo ake, mmodzimmodzi, onse pakhonde lomwelo. Ine manja ali m'mwamba mpaka mapewa kuyaka moto.

Tinanyamuka titachedwa ndi mphindi makumi anayi. M'galimoto ndinayika kamera pamiyendo n'kumadutsa zithunzi za akwati, ndikukulitsa maso a chilichonse. Zambiri zinali zogwedera. Zina kuwala kunathawa. Zakuthwa bwinobwino ndinapeza zinayi.

"Zingati?" anafunsa amuna anga akudumpha bampu osachepetsa liwiro.

"Zinayi."

"Kuholo kuli magetsi amitundumitundu aja," anatero. "Tithamange tikawauze azimitse akwati asanalowe."