Kachere wa pa Khoma la Amayi

Atamva kuti mwana wawo wasankhidwa kukakhala kunyumba ya aluso, amake a Wojambula anauza aliyense, ngakhale wogulitsa makala amene sanafunse n'komwe. Kunyumba imeneyo, pakati pa mzinda, munthu ankapatsidwa chipinda, chakudya ndi kompyuta kuti kwa miyezi ingapo azingojambula zithunzi, kenako adzazionetse kwa anthu. Mutu wa chaka chimenecho unali mzinda, chilengedwe ndi nyumba. Mayiwo mutuwo sanaumvetse, koma anachapa diresi lawo lobiriwira n'kulisita, poti mwana wojambula sangaiwale nkhope ya mayi ake.

Anabweradi mwanayo, kamera ili pakhosi, ndevu atazilekerera ngati anzake a kumeneko. Koma diresilo sanaliyang'ane. Maso ake anali pakhoma la chipinda chogona cha amayi ake, pomwe kamtengo ka kachere kanamera mumng'alu, pansi pa zenera. Mbalame ndi imene inasiyapo mbewuyo, ndipo mayiwo anali atabwereka kale chikwanje choti akadulire.

"Amayi, musayerekeze kukakhudza," anatero. "Ntchito yanga yonse yagona pamenepa."

Analongosola kuti adona oyang'anira nyumba ya aluso akufuna kuona mmene chilengedwe chimadyera nyumba pang'onopang'ono. Iye azibwera sabata iliyonse, m'mawa dzuwa likangogunda khomalo, n'kujambula ataima pamalo amodzimodzi. Anakhoma msomali pansi kuti mwendo wa kamera uziima pomwepo. Analonjeza kuti akadzajambula chithunzi chomaliza adzadula yekha mtengowo, adzamata mng'aluwo, kenako adzawajambula iwo ataima pakhomo ndi diresi lawo lija.

Panalinso lamulo lakuti m'chithunzi musaoneke munthu, kapena chilichonse chosonyeza kuti pamakhala munthu. Choncho tsiku lojambula mayiwo ankaanula zovala zikadali zonyowa, n'kumasula makatani, n'kulowetsa mabeseni ndi tsache. Akatero ankakhala pansi m'chipindamo, atatsamira khoma kunsi kwa zenera, mpaka atamva kuti atha kutuluka. Munthu wamkulu, wa nyamakazi m'mawondo, kubisala m'nyumba yake ngati mbava. Koma iwo ankaseka, n'kumauza anansi kuti nawonso alowa ntchito ya zaluso.

Mtengowo unalibe manyazi. Mizu inalowa m'njerwa, mng'alu unakula mpaka munthu kupisamo dzanja. Mayiwo akagona ankamva mchenga ukuyoyokera pabulangete. Mlamu wawo atabwera kudzacheza anagwira pakamwa, nati khomalo silifika kumapeto a mvula, ndipo anatola chikwanje chija. Mayiwo anamulanda. Mantha anali nawo ndithu, koma ankaopa kwambiri kuwonongera mwana mwayi umene sudzabweranso. Atamuuza mwanayo za mchengawo, nkhope yake inawala, ndipo chimene anafunsa n'chakuti kodi mng'aluwo wayamba kuonekeranso mkati.

Tsiku lina lojambula kunacha bwino, patapita masiku mvula ikuvumba osaleka. Mayiwo anachita zonse monga mwa nthawi zonse, n'kukakhala pamalo pawo kunsi kwa zenera. Anamva mwanayo akuimika kamera panja. Kenako khoma linalira kumsana kwawo. Anayesa kudzuka, koma mawondo aja anakana, ndipo njerwa zinawagwera pamwendo, zenera ndi mtengo zonse pansi.

Fumbi litayamba kuchepa anaona thambo pamene panali khoma, ndipo anamuona mwana wawo ataima pamsomali pake. Anamuitana ndi dzina la paubwana, atatambasula dzanja.

"Amayi, pirirani pang'ono, musasunthe," anatero, diso lili pakamera. "Fumbili likatha basi sindidzalipezanso."

Kamera inalira, n'kuliranso. Amene anathamanga kudzachotsa njerwa anali wogulitsa makala uja ndi anansi. Mwanayo anadzathandiza nawo, inde, koma atayamba watsekera kamera yake m'chikwama kuopa fumbi.

Mwendo unathyoka pawiri. Atatuluka m'chipatala mayiwo anakakhala kwa mlamu wawo, pamphasa pabalaza, chifukwa nyumba ija inali ya lendi, ndipo mwini wake anagwetseratu zotsala zake. Mlamuyo sankafuna kumva ngakhale dzina la mwanayo. Mayiwo ankamuikira kumbuyo mwana wawo, ankati anasokonezeka mutu, aliyense akanatero. Ndipo mumtima mwawo munali kachimwemwe kochititsa manyazi kamene sanauze munthu: kaya ndi fumbi, kaya ndi misozi, ulendo uno m'chithunzi alimo.

Tsiku lachionetsero anavala diresi lobiriwira, natenga ndodo zawo zachipatala. Chipinda cha chionetserocho chinali choyera mbee, chodzaza anthu onunkhira, matambula ali m'manja. Zithunzi za khoma lawo zinali pamzere, mtengo ukunka nukula, ndipo kumapeto kunali chachikulu kuposa chitseko, pomwe anthu anaunjikana. Mayiwo anadzipanikiza mpaka kutsogolo.

Chinali chokongola, ngakhale iwo anavomereza. Dzuwa linkapyoza fumbi, masamba a kachere ali onyowa, mizu ili m'mwamba. Anayang'ana pamene anagona iwo tsiku lija. Panalibe dzanja, panalibe mwendo, panalibe duku. Panali njerwa zokhazokha, zimene mwanayo anaziyala bwinobwino pakompyuta.

Adona oyang'anira aja, magalasi ali pamphuno, anafunsa Wojambula kuti eni nyumbayo anapita kuti. Iye anayankha mofatsa kuti simunkakhala munthu kuyambira kalekale. Anthu anagwedeza mitu mwachisoni, wina n'kunena kuti mzinda ndi wankhanza.

Mayiwo anasendera pafupi, n'kuloza ndi chala panjerwa paja, akufunafuna ngakhale kansonga ka nsalu. Nthawi yomweyo mtolankhani anapempha kuti ajambule Wojambula ataima pambali pa ntchito yake. Wojambula anakonza kolala, natembenuka, ndipo m'pamene anawaona. Anawagwira paphewa mwaulemu, ngati mwana woleredwa bwino.

"Amayi, tasunthani pang'ono. Mukulowa m'chithunzi."

Anasuntha, ndodo zikugogoda pansi, mpaka kuseri kwa chipilala, ndipo anaima pamenepo kudikira kuti awauze kuti atha kutuluka.