Thonje la M'tsaya

Wometa uja, amene makasitomala ankamutcha Lumo, anali munthu waphuma. Mutu ankaumaliza mwini wake asanakhazikike n'komwe pampando. Chimodzi chokha n'chimene chinamukanika kuthamangitsa: lonjezo lake kwa amayi ake ali gone m'chipatala. Mayiwo anakulira kunyumba yosungira ana amasiye, ndipo mpaka kumwalira sanadziwe amene anawabereka.

"Udzandipezereko m'bale wanga, ngakhale mmodzi," anatero. Wina womutuma panalibe, poti mwana anali yekhayo.

Atamva za kampani yoyeza DNA yotsata mzere wa kuchikazi, Lumo anaitanitsa kabokosi kake. Munali kamtengo ka thonje kunsonga, kopaka m'kati mwa tsaya. Mwatsoka, kanafika tsiku limene anazulitsa dzino, m'kamwa muli magazi okhaokha, pomwe pepala linkati m'kamwa muzikhala moyera. Wina akanadikira sabata imodzi. Koma Lumo n'kudikira, wapi! Anaitana mwana wake wamkazi.

"Yasamula, iwe. Magazi ndi amodzi omwewo."

"Bambo a mwana, mwawerenga pepala lonse?" anafunsa mkazi wake.

"Ndawerenga pofunikira."

Miyezi iwiri yathunthu foni sinachoke m'manja mwake, moti makasitomala awiri anatuluka ndi zigamba m'mutu. Kenaka uthenga unafika: papezeka mayi wina wa mzere womwewo, amakhala mumzinda momwemo, ndipo wavomera kukumana. Lumo anasesa tsitsi lonse, anapukuta magalasi, mpaka anakabwereka mpando wabwino kwa telala woyandikana naye. Chithunzi cha amayi ake anachiimika pakati pa makina ometera ndi botolo la sipiriti.

Mlendo atangolowa, amene anakuwa anali mkazi wa Lumo.

"Asisi! Ndinu kodi?"

Anali mwana wa amayi aakulu a mkaziyo, munthu woti anavina nawo paukwati wawo. Azimayi awiriwo anaseka mpaka misozi mbwee. Lumo sanaseke. Anatuluka panja n'kuimbira kampani ija.

"Mwandipatsa abale a apongozi anga! Ndinapempha zimenezo ine? Apongozi ndimawadziwa kale, mpaka anandikwana!"

Mayi wapafoniyo anamusiya kaye kuti aphwe. Kenaka anafunsa kuti thonje lija anapaka ndani.

"Mwana wanga. Wangawanga, wobereka ndekha."

"Pepani bambo, vuto lagona pomwepo. DNA imene timayezayi, ya mitokondiriya, mwana amatengera kwa mayi ake basi. Bambo sapatsira. Mwana wanuyo ali ndi ya akazi anu. Tinalemba patsamba lachiwiri."

Tsamba lachiwirilo Lumo anali atakulungira kale malezala otha.

"Nanga ya amayi anga ili kuti?"

"Ili mwa inu. Muli ndi alongo?"

"Ayi. Ndinabadwa ndekha."

"Ndiye ili mwa inu nokha, bambo. Ikuthera pa inu."

Lumo anafuna wina woti amukalipire, koma atayang'ana uku ndi uku, wolakwa anali iye mwini, yemwe wagwira foniyo. Anabwerera m'kati. Azimayi aja anali akutchula agogo awo ndi amalume awo, uyu anabala uyu, uyu anakwatiwa uko, osadodoma ngakhale pamodzi. Mwana wake naye anali pakati pawo, akuwonjezera amene aiwalika. Zinamupweteka kwambiri. Amayi ake anapempha munthu mmodzi yekha, ndipo apa anthu ankataya mayina ngati tsitsi lapansi.

Anaima pagalasi, pafupi ndi chithunzi chija, n'kuyasamula. Chilonda cha dzino chinapola kalekale. Anayang'anitsitsa m'kati mwa tsaya lake nthawi yaitali.

Kasitomala wina anasuzumira pakhomo.

"A Lumo, mumeta lero?"

"Dikirani," anatero Lumo, osacheuka. "Ndili ndi amayi."