Sholo imene anasiya a Malita

A Malita anamwalira mwezi wa Juni, anthu ali mkati mokumba mtedza. Anasiya sholo yoyera yosamaliza, singano zolukira zikadali momwemo. Ankalukira mdzukulu wawo woyamba, chifukwa mwana wawo Alinafe, amene anakwatiwa ku Chipata, anali woyembekezera.

Kalukidwe kake anachita kukaganiza okha. Ankathothola masamba a mtedza kumunda n'kuwayala pamwendo. Ankaluka, kumasula, kulukanso, mpaka timabowo ta m'sholomo tinayamba kuoneka ngati masambawo, anayianayi.

Tsiku logawana zovala za malemu, amuna awo, a Alufeyo, anakaniza sholoyo. Patapita masiku anaikulunga m'chitenje n'kupalasa njinga kupita ku Ludzi, kwa a Rhoda, amene anaphunzira kuluka limodzi ndi a Malita ali atsikana.

A Rhoda anaitambasula padzuwa, kuitembenuza uku ndi uku.

"Bambo a Alinafe, iyi sindingangoipitiriza," anatero. "Anzangawa sanatengere kwa munthu. Kuti ndidziwe mmene ankayendetsera ulusi, ndiyenera kumasulako kaye."

"Kumasula zimene analuka iwowo?"

"Pang'ono pokha. Pofanana ndi chikhatho changachi."

A Alufeyo anaikulunganso sholo ija, n'kutsanzika. Kunyumba anaiika pansi pa pilo.

Sabata yotsatira mkamwini wawo anaimba foni. Alinafe anali atachira masiku asanakwane, mwana wamkazi, wochepa kwambiri. Kenako anamupatsa foniyo Alinafe.

"Ababa, kuno kukuzizira," anatero ndi mawu otopa. "Ija ankaluka amayi ija ilipo?"

M'mawa mwake a Alufeyo anabwerera ku Ludzi.

Anakhala pakhonde. A Rhoda anasolola singano n'kuwapatsa nsonga ya ulusi kuti azikulunga. Ulusiwo unkatuluka wokhotakhota, ndipo masamba a mtedza ankatha limodzilimodzi iwo akuona. Chikhatho chija chitakwana, a Rhoda sanasiye.

"Mayi, paja munati pang'ono."

A Rhoda anawalozera ndi chala. "Taonani apa. Masambawa ndi okhota, ena alibe mabowo. Malita sankaluka chonchi. Apa manja anali atayamba kale kunjenjemera."

"Ndi liti pamenepo?"

"Sindingadziwe tsiku. Koma kuchokera apa kufika pamene anasiyira, si ntchito ya mwezi umodzi."

A Alufeyo anayang'ana kumsewu. Akazi awo anagona pamphasa sabata imodzi yokha. Izi zisanachitike ankapita nawo kumunda tsiku lililonse, ndipo akakhala pansi pakati pa mzere ankangoti ndi kutopa. Iwo ankawayankha kuti apume pang'ono, dzuwa lisanakwere amalize.

"Pokhotapo tingathe kupasiya," anatero a Rhoda. "Mwana sangadziwe."

"Iwo akanapamasula," anayankha a Alufeyo. Anapitiriza kukulunga, misozi ikudonthera pa ulusi.

A Rhoda anasiya ntchito zawo zonse mpaka anaimaliza. A Alufeyo anakwera minibasi kukafika pachipata cha m'malire cha Mwami, n'kuwoloka. Ali m'galimoto ya ku Chipata anaitulutsa sholoyo kuti aone pamene panathera manja a akazi awo. Anafufuza ndi zala m'mbali zonse. Masamba onse anali ofanana.

Anapeza Alinafe atatuluka m'chipatala. Alinafe anafunditsa mwanayo sholo ija, yomwe inamukulira moti anaipinda pawiri. Kenako anaisisita n'kufunsa:

"Ababa, mbali ya amayi ndi iti?"

A Alufeyo anagwira ngodya imene inali pafupi nawo. "Ndi iyi."

Alinafe anaigunditsa ngodyayo kumaso kwake nthawi yaitali. Bambo ake anakhala pampando wa pakhomo, chipewa chili m'manja, ndipo atawabweretsera tiyi anamusiya mpaka anazizira.