Ngodya Imene Ndinasuzumira

Bambo anayang'ana dzenje limene ndinakumba kuseri kwa khola, kenako anayang'ana ine.

"Ndiye sukulu yonse ija yathera pokwirira udzu?"

"Si kukwirira, bambo. N'kusunga."

"Chinthu ukachilowetsa pansi n'kuthirapo dothi, amenewo ndi maliro, mwana wanga."

Amayi anaseka mpaka anakhala pa chidebe chokamira. Ine sindinaseke. Ndinali nditangolemba mayeso omaliza, ndipo m'mutu mwanga munali kale ng'ombe makumi awiri, khola la simenti, ndi mabotolo a mkaka wanga atandanda m'sitolo zikuluzikulu. Pansi pano tinali ndi ng'ombe imodzi yokha, yamawanga akuda ndi oyera, imene tinkaitcha Dona chifukwa madzi ogweramo tsamba siyimwa.

Vuto la Dona linali chilimwe. Mvula ikatha msipu unkauma, mkaka n'kutsika kuchoka pa ndowa yodzaza kufika pongoyeretsa tiyi. Chaka chinacho bambo anapalasa njinga mitunda kusaka udzu, mpaka bondo linatupa ngati dzungu. Ulendo uno ananeneratu kuti sabwereza. Wabutchala anali atabwera kale kawiri, kudzasisita Dona pamsana ngati amamukonda.

Nzeru ya dzenje ndinaimva kwa alangizi a ziweto, kumalo kumene alimi amaperekera mkaka. Umadula nsenjere ndi mapesi aawisi tizidutswa totalika ngati chala, n'kuwaza madzi a molasesi, manyuchi akuda otsala popanga shuga, n'kupondaponda mpaka mpweya wonse utuluke. Kenako pepala la pulasitiki, dothi pamwamba. Pakatha masabata asanu ndi limodzi, uli ndi msipu wa chilimwe chonse. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo alangizi analibwereza katatu: osatsegula nthawi isanakwane. Mpweya ukalowa, chimawola.

"Chabwino, a Mlangizi," anatero bambo pomaliza. Dzinali anandipatsa tsiku lomwelo. "Tikatsegula Dona n'kudya, akhala. Akakana, wabutchala abwere ndi chingwe."

Tsiku lopondaponda amayi anakwinya nsalu n'kulowa m'dzenjemo, kuvina ngati pali ukwati. Bambo anati iwo sapondereza zopusa, koma patapita kanthawi ndinawaona akugubuduza mgolo wodzaza madzi pamwamba pa nsenjerezo, uku akung'ung'udza. Ndi nthawi yomweyo imene anafika Wazigubu, mnyamata amene amatolera mkaka m'makomo pa njinga yamoto. Ali ndi kampata m'mano, ndipo akamaseka munthu umaiwala zimene umafuna kunena. Anazimitsa njinga, osafunsa kanthu, n'kudumphiramo ndi majombo ake. Tinaponda moyandikana mpaka dzuwa linafika pamutu. Ine m'maganizo ndinali nditaona kale nyumba yathu awirife, ya mawindo obiriwira, iye akutsitsa zigubu pakhonde.

Kukumba sikunandivute. Kudikira ndiye kunandidwalitsa.

M'mawa uliwonse ndikatha kukama ndinkapita kukaima pa mulu wa dothiwo, kumvetsera ngati pansipo pamveka kanthu. Ndinkalemba masiku ndi khala pa mzati wa khola. Tsiku lakhumi ndi chiwiri Wazigubu anati, uku akuthira mkaka wathu m'chigubu:

"Asisi, malemu aja akupeza bwanji pansipo?"

"Akununkhira kuposa majombo anuwo."

"Mwadziwa bwanji? Mwalota?"

Bambo anali atapita kukagula madeya, amayi ali m'nyumba. Ndinatenga khasu. Pa ngodya yoyandikana ndi mzati ndinapalasa dothi, n'kukweza pepala pang'ono chabe, pongokwana dzanja. Ndinatulutsa kamsipu kofunda, konunkhira ngati chipatso choyamba kupsa. Wazigubu anawerama kununkhiza m'manja mwangamo, mpweya wake n'kundikhudza zala.

"Koma asisi inu ndinu oopsa," anatero.

Ndinabwezera pepala msangamsanga, dothi pang'ono, njerwa pamwamba. Mawu akewo ndinayenda nawo sabata yathunthu.

Sabata yachinayi, ntchentche zinayamba kutera panjerwapo. Ndinadziwa. Ndinabwerera kwa alangizi n'kufunsa ngati nkhani ya mnzanga wina amene anasuzumira m'dzenje lake. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mnzanuyo anaponda bwino?"

"Anaponda ndi mgolo womwe."

"Ndiye mumuuze kuti mpweya sulowa patali m'chinthu chothinana. Koma asadzabwerezenso."

Tsiku lotsegula, wabutchala anabwera osaitanidwa, chingwe chili paphewa. Wazigubu nayenso anaimika njinga pachipata ngakhale mkaka anali atatenga kale. Ndikanatha kuwalondolera bambo ku ngodya ina. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anali ataona kale njerwa ija.

"Apa ndiye pofewa," anatero, n'kutema.

Fungo linatulukapo linathamangitsa amayi mpaka pa chingwe choyanikira zovala. Zakuda, zonanda, nkhungu yoyera pamwamba. Bambo anatsamira khasu. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinandiwawa kwambiri.

"Wayesetsa, mwana wanga."

Wabutchala anayamba kumasula chingwe.

"Dikirani kaye, bambo inu, ng'ombe sinagulitsidwe," ndinamuuza. Kenako ndinatembenukira kwa bambo anga. "Apa ndinawoletsa ndine. Ndinatsegula tsiku lakhumi ndi chiwiri."

"Iwe wemwe? Amene unkatilalikira za mpweya mpaka pakudya?"

"Ine ndemwe."

"Chifukwa chiyani?"

Amayi anayankhira patali, nsalu ili pamphuno. "Inu abambo ake, musavutike kufunsa. Chifukwa chake ndi icho chakhala panjingacho."

Wazigubu anayamba kupukuta kalilole wa njinga amene anali woyera kale. Ine ndinatambasulira bambo dzanja.

"Chawola ndi pamene ndinagwira ine. Pamene sindinagwire pali bwino. Ndipatseni khasulo."

Ndinalowa m'zonunkhazo mpaka m'akakolo, kukokolola n'kutayira kumbali. Ndinkadziwa mmene tinapondera, ndinkakumbuka kulemera kwa mgolo uja. Nditachotsa kutalika kwa mkono umodzi, khasu linagunda polimba ngati pakhoma. Ndinasolola ndi manja. Msipu wobiriwira mopita ku chikasu, wouma bwino, tizidutswa tikuonekabe kamodzikamodzi, fungo lake lowawasa mokoma.

Ndinasamba m'manja kaye, pomudziwa Dona. Kenako ndinadzaza beseni n'kukakhuthula modyera mwake.

Dona anabwera mwaulemu wake wonse. Ananunkhiza. Anapemerera ndi mphuno, n'kutembenuza mutu kuyang'ana wabutchala, ngati akufuna kumva maganizo ake. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Wakana," anatero wabutchala.

"Simumudziwa inu," ndinayankha. "Dona sadya anthu akumuyang'anitsitsa. Tembenukani nonse."

Ndipo anatembenukadi, bambo, amayi, wabutchala ndi chingwe chake, onse kuyang'ana kumsewu ngati ana olangidwa. Kenako kumbuyo kwathu kunamveka lilime likukokolola m'thabwa, ndi kutafuna kuja kosathamanga.

Titacheuka, modyeramo munali mutatsala theka.

Wabutchala anakulunga chingwe chake mosafulumira. "Ndidzadutsanso chilimwe chikafika pakati."

"Mudzadutse ndi kapu," anatero amayi. "Tidzakuthirirani mkaka."

Bambo analowa m'dzenjemo, bondo lawo lomwelo, n'kutapa msipu. Anaufinya, anaununkhiza, kenako anayeza ndi maso kutalika kwa dzenje lonse, milomo ikuyenda, kuwerenga miyezi.

"Ufika mpaka mvula," ndinawauza. "Ndipo tikamatapa tizitseka bwino. Chaka chamawa Dona akabereka, tidzafunika maenje awiri."

"Atatu," anatero bambo.

Ndinaona kale ng'ombe makumi awiri zija zikulowa pachipata imodziimodzi.

"Awiri a ng'ombe," anapitiriza, akupukuta manja pa buluku. "Lachitatu laling'ono, ngati chidebe, la a Mlangizi. Azitsegula tsiku lililonse kuonetsa alendo awo."

Pachipata Wazigubu analiza njinga, koma sananyamuke. Ine ndinanyamula beseni kukatapira Dona msipu wina.